Mbiri ya Nyimbo ndi Magule a Pacikwati

Ana inu a sukulu, pamodzi ndi inu aphunzitsi, ndikhulupirira kuti palibe mmodzi mwa inu amene sanapondepo pabwalo la cikwati. Ena munabvina pamzere wa operekeza mkwatibwi mutabvala zofanana. Ena munangosuzumira pazenera la holo. Enanso munasiya mbuzi kudambo ndi kuthamangira kumudzi wa patsidya mutamva nthungululu. Munthu atakufunsani kuti cikwatico cinali cotani, simuyamba kuchula nsima kapena nkhuku ai. Muyamba ndi nyimbo: kuti gule anakoma mpaka mbandakuca, kapena kuti kunali zii, anthu anangodya ndi kubalalika. Tsono popeza nyimbo ndizo zimene timakumbukira, nkoyenera kuti tifunse kumene zinacokera ndi nchito imene zimagwira. Tidzayang'ana makamaka Acewa ndi Angoni a m'cigawo ca Kum'mawa, a ku Chipata, Katete ndi Chadiza, ndipo tidzawatsata kufikira m'matauni.

Tiyambe ndi cinthu cimene cingakudabwitseni. Pakati pa Acewa akale, tsiku lolowana silinali tsiku la phokoso. Mnyamata akakonda mtsikana anali kumpatsa cikole, kapena mkanda kapena kanthu kena kakang'ono, ndipo akabvomerezana nkhani inali kupita kwa atsibweni ao, ndiwo alongo a amai ao. Mbali iliyonse inasankha ankhoswe. Ankhoswewo anakomana, nakambirana, nadya nkhuku pamodzi. Mnyamata anamanga nyumba m'mudzi wa mkazi, nayamba kulima m'munda wa apongozi ake. Umenewo ndiwo ukwati wa cikamwini. Panalibe diresi loyera, panalibe keke, ndipo kawirikawiri panalibenso khamu la anthu. Mlendo wodutsa panjira akadatha kupyola mudziwo osadziwa kuti usiku womwewo mwayamba banja latsopano.

Kodi tinene kuti makolo athu anali kupeputsa ukwati? Iai ndithu. Ng'oma za ukwati zinalipo, koma zinali kulira ukwatiwo usanafike, ndipo zinali kulira pacinamwali. Mtsikana akatha msinkhu, akulu ake anali kukauza mfumu, pakuti si mudzi uliwonse umene unali ndi mphamvu yocititsa cinamwali. Mphamvuyo, yochedwa mzinda, inali ya mafumu owerengeka. Pamenepo mtsikana anaperekedwa m'manja mwa anamkungwi, amai akulu odziwa mwambo, ndiponso mwa phungu wake womtsogolera. Kwa masiku angapo anakhala m'nyumba yopatulidwa, imene timati tsimba, akuphunzira ulemu kwa akulu, kasungidwe ka nyumba, kalandiridwe ka alendo, kugwira mtima polankhula, ndi zina za banja zimene zili za akulu okha. Cimene ndifuna kuti mucigwire ndi ici: maphunziro onsewo sanali kuperekedwa ndi mau wamba. Langizo lililonse linali ndi nyimbo yake ndi kabvinidwe kake, ndipo oliza ng'oma za m'tsimba anali akazi okhaokha.

Cinenero cathu comwe cikucitira umboni zimenezi. Munthu amene anapita kumwambo timati anabvinidwa. Mwana wamwano, wolowa m'cipinda ca makolo mosaodira, wodutsa akulu osapsedula, agogo amam'nena kuti ngwosabvinidwa. Onani kuti sanena kuti ngwosauzidwa kapena ngwosaphunzitsidwa. Kwa iwo kuphunzira ndi kubvina cinali cinthu cimodzi. Ndipo anali ndi nzeru pocita cotero, pakuti analibe buku kapena bolodi. Mau olankhulidwa amalowera khutu ili ndi kutulukira linali. Koma mau amene waimba kakhumi, mapazi akuponda, manja akuomba, thupi lonse likutsata ng'oma, sacoka msanga m'mutu. Inu aphunzitsi mukudziwa bwino zimenezi, cifukwa mwana amene walephera kuloweza matebulo powerenga amawaloweza mukawasandutsa nyimbo. Mai amene anabvinidwa ali mtsikana amatha kukumbukira nyimbo zonse za m'tsimba atamera imvi, ngakhale ataiwala caka cimene anabadwa.

Tsiku lotsiriza namwali anatulutsidwa pabwalo atakongoletsedwa ndi mikanda, kumutu atasenza cingondo coumbidwa ndi dothi, ndipo anabvina pamaso pa mfumu ndi anthu a midzi yonse yozungulira. Apa ng'oma zinali zambiri: mbalule yotsogolera, mpanje yaitali yoonda, ndi gunda ya mau akulu. Zikalefuka anali kuziwamba pamoto kuti cikopa cikungike. Kulira kwake kunamveka kutali, kotero kuti ngakhale amene sanabwere anadziwa kuti m'mudzi wa uje mwakula mwana ndipo walangidwa. Kumeneko ndiko kunali kulengeza kwa masiku amenewo. Gule Wamkulu nayenso anali kufika pacinamwali. Malo ake ndi pamaliro, pacinamwali ndi polonga mfumu, ndipo nkaamba ka kulemera kwa mwambo wake kuti bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005. Ng'oma zinali kuliranso mkazi akatenga pathupi poyamba, pamwambo wa cisamba, pamene amai akulu anamlangiza za ubereki. Motero ukwati wa Acewa unali ndi nyimbo kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale kuti tsiku lenilenilo linali la cete.

Kale mtsikana akatuluka m'tsimba sanali kukhalitsa osakwatiwa. Lero zinthu sizili cotero, ndipo atsikana inu mumve bwino: m'caka ca 2023 lamulo la maukwati m'Zambia linakonzedwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ukhale wopanda mphamvu, ngakhale utakhala wa mwambo. Ng'oma ya cinamwali inena kuti mwana wakula m'thupi; sinena kuti watsiriza sukulu.

Panalinso nchito ina imene nyimbo zinali kugwira m'banja, ndipo imeneyi njokondweretsa. M'mudzi wa cikamwini munali anthu amene mwambo unawaletsa kulankhulana momasuka. Mkamwini akaona apongozi ake aakazi akubwera panjira anali kupatukira m'chire. Sanali kudya nao kapena kuwayang'ana kumaso. Nanga ngati mkamwiniyo ngwaulesi, wogona dzuwa lili pamutu anzake ali kumunda, adzamuuza ndani? Nanga ngati apongoziwo ngoumira, obisa ndiwo m'nkhali, adzawadzudzula ndani? Nyimbo ndiyo inali kunena. Mkazi posinja pamtondo anali kuimba dandaulo lake mokweza, munsi ukugunda, mudzi wonse ukumva. Madzulo a mwezi amai ndi atsikana anapanga bwalo la citelele, gule woomba m'manja, kapena la cimtali, gule wa ng'oma, ndipo wotsogolera nyimbo anali kupeka mau okhudza zocitika za m'mudzimo. Dzina sanali kulichula, koma aliyense anadziwa mwini wake. Anthu anaseka, wolakwayo anacita manyazi, ndipo kawirikawiri m'mawa mwake analawirira kumunda. Palibe amene akadatengera nyimbo kubwalo la milandu. Mwa njira imeneyi mikangano yambiri inaphwa isanafike kwa ankhoswe. Masewera amene ife tingawayese ongotaitsa nthawi anali kucirikiza mabanja.

Tsopano titembenukire kwa Angoni, amene anadza ndi ukwati wa mtundu wina. Iwo anacokera kumwera, kudziko limene lero ndi South Africa, motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Zwangendaba atamwalira kumpoto, mtunduwo unagawikana, ndipo mwana wake Mpezeni anadzakhazikika m'dera limene lero kuli Chipata. Angoni anali anthu a ng'ombe. Mwamuna anali kupereka malowolo, mkazi nacoka kwao kukakhala kwa mwamuna, ndipo ana anakhala a kucimuna. Apa muone kusiyana kwake. Mtsikana Wacicewa akakwatiwa anatsala pakhomo pa amai ake. Mtsikana Wacingoni anatsazika amai, abale ndi citsime cimene anakulirapo. Ulendo wotere sungayendedwe mwacinunu. Ncifukwa cake Angoni anali ndi mwambo waukulu woperekeza mkwatibwi, wochedwa mthimba. Atsikana anzake ndi amai anayenda naye pang'onopang'ono akuimba, ndipo nyimbo zambiri za panjirapo zinali za cisoni, zolira mwana amene akupita kwa eni. Pofika kwa mwamuna ng'ombe inaphedwa, mowa unatuluka, ndipo cisoni cinasanduka cimwemwe. Magule anacitikira m'khola la ng'ombe, limene linali pakati pa mudzi ndipo linali malo olemekezeka koposa.

Nayi mfundo yoti mukadabwitse nayo anzanu: gule wa Angoni amachedwa ngoma, koma mwa mwambo wake mulibe ng'oma. Amuna amaponda pansi mwamphamvu onse pamodzi, zisekese za m'miyendo zikulira, atanyamula zishango ndi zibonga, pamene akazi akuomba m'manja ndi kuthira mang'ombe. Nthaka yeniyeniyo ndiyo ng'oma yao.

Mu Januwale 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondo, anaphedwa; midzi inatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Popanda ng'ombe malowolo anabvuta, ndipo mthimba unayamba kucepa. J. A. Barnes, amene anakhala pakati pa Angoni amenewa zaka za 1946 mpaka 1949 nalemba buku la maukwati ao mu 1951, anapeza kuti maukwati ambiri sanalinso kutsata njira yakale ya ng'ombe. Cinenero ca Cingoni naconso cinali citazirala kale, popeza ankhondo aja anakwatira akazi Acinsenga ndi Acicewa, ndipo mwana amayamwa cinenero ca amai ake. Komatu mukapita ku Mtenguleni pamwambo wa Nc'wala, umene unayambanso m'caka ca 1980, mudzamva nyimbo za mau Acingoni zikuimbidwa ndi anthu amene kunyumba kwao amalankhula Cinsenga. Cinenero cimene cinatha pakamwa cinabisala m'nyimbo.

Caka cimodzi cokha citapita nkhondoyo, mu 1899, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anamanga malo ao oyamba pa Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Pambuyo pake anadza Akatolika ndi a Anglican. Iwowa ndiwo anabweretsa cikwati ca tsiku limodzi lodziwika, cimene inu mumaciona ngati cacikhalire: kulengeza m'chalichi masabata atatu, mphete, malonjezo pamaso pa mpingo, ndi kulemba maina m'buku. Amishoni oyambawo anali kuipidwa ndi ng'oma. Anaiyesa ya cikunja, ndipo Mkristu wopezeka kudambwe la zinyau, kucinamwali kapena pamowa anali kuimitsidwa mumpingo. M'malo mwake anaphunzitsa nyimbo za m'buku, za mau anai, zoimbidwa anthu ataima njo. M'kupita kwa nthawi anaona okha kuti atsikana a mumpingo akulowa m'banja osalangidwa, nakonza cilangizo Cacikristu cocititsidwa ndi amai a mumpingo.

Koma mtima wa munthu sukhuta cimwemwe ataima njo. Mwambo wa m'chalichi ukatha, khamu linali kuperekeza akwati kumudzi, ndipo akapotoloka pakona, nyumba ya mbusa yabisika, nyimbo zinasintha. Nthungululu zinayamba, amai anayala zitenje panjira, mapazi anayamba kunyang'ama, ndipo pofika pafupi ndi mudzi operekeza anaima, osasuntha kufikira eni mudzi atawafupa. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti m'ulendo umenewu munalowa zambiri za mthimba wa Angoni, ndipo pabwalo la madyerero panalowa cimtali ca Acewa. Pambuyo pa msonkhano waukulu wa Akatolika ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, ng'oma inaloledwa kulowa m'chalichi mwenimwenimo, ndipo mipingo ina nayonso inafewa. Ng'oma imene inathamangitsidwa pakhomo inadzakhala pafupi ndi guwa.

Pa nthawi yomweyo panali cinthu cina cimene cinali kusintha midzi koposa amishoni, ndico msonkho. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 mwamuna aliyense anayenera kupeza ndalama za msonkho, ndipo ndalama zinali kutali. Anyamata anayenda pansi kunka ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ena mpaka ku Johannesburg, ena ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, ndipo kuyambira ca m'ma 1930 ambiri anapita ku migodi ya mkuwa ya Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Pobwera anabwera ndi suti, njinga, gitala, banjo, kodiyoni, ndipo wolemera koposa anabwera ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja pamodzi ndi mbale zake zosweka msanga. Mnyamata wotere akakwatira anafuna kuti mudzi uone kuti sanapite kukasewera. Cikwati cinasanduka malo oonetsera cuma, ndipo galamafoni inaikidwa patebulo pakati pa bwalo, ana akusuzumira m'kati kufunafuna tianthu timene tikuimbamo. Asilikali obwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 naonso anasiya cizindikiro cao: gule wa mganda, wobvina amuna m'mizere atabvala zoyera ngati ali paperete, akuliza zipanda za mphonda zomatidwa ndi nembanemba ya kangaude m'malo mwa malipenga a mkuwa. Gule ameneyu anafika pazikwati zambiri za Kum'mawa.

M'tauni munabuka funso limene kumudzi kunalibe. Taganizani mkwati Mbemba wa ku Kasama, mkwatibwi Mnsenga wa ku Petauke, oyandikana nao nyumba Alozi, Atonga ndi Akaonde. Adzaimba nyimbo za yani? Kumudzi munthu mmodzi akayambitsa nyimbo onse amabvomera, cifukwa anaiyamwira. M'komboni wotsogolera akayambitsa, theka la anthu lingoyang'ana. Yankho linacokera ku mbale za galamafoni ndi ku wailesi. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau m'caka ca 1941, ndipo mu 1949 munafika kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5. Kuyambira pamenepo anthu a zinenero zosiyana anayamba kudziwa nyimbo zofanana. Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922 namwalira mu 1978, anali mmodzi wa oulutsa mau ndi oimba ochuka a pawailesiyo. Iye anatenga maimbidwe a kumudzi nawaika pagitala, akuimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, ndipo zambiri mwa nyimbo zake zinali kulangiza ndi kuseka makhalidwe a amuna ndi akazi a m'tauni, monga momwe citelele cinali kucitira kumudzi. Kucokera kumwera kunadza tsaba-tsaba, jaivi ndi kwela. Kucokera ku Congo kunadza rumba, makamaka ya Franco ndi gulu lake la OK Jazz limene linayamba mu 1956. Rumba inali kuimbidwa m'Cilingala, cinenero cimene ambiri pacikwati sanali kucimva, ndipo mwina ncifukwa cake inakondedwa ndi onse: sinali ya mbali ya mkwati kapena ya mkwatibwi, kotero palibe amene anadandaula kuti wapondedwa.

Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, anthu ambiri anapeza nchito za malipiro abwino, ndipo cikwati ca m'holo cokhala ndi bandi cinakhala cinthu cosiririka. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za Zambia. Lamuloli linapatsa mphamvu oimba a kuno kwathu, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunabuka kalindula, maimbidwe ocokera ku Luapula amene anaikidwa pamagitala a magetsi ndi magulu monga Amayenge, Serenje Kalindula, Masasu ndi Shalawambe, ndiponso P. K. Chishala. Kufikira lero, cikwati cikafika pakati, agogo amene anakhala phee pampando nthawi yonse ya nyimbo zacilendo amadzuka ndi kumanga citenje m'ciuno akamva kalindula.

Nyengo ya mabandi sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa ca m'ma 1975, ndalama zinasowa, zingwe za gitala ndi zipangizo zina zinabvuta kupeza, ndipo pambuyo pake matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Kuitana anthu asanu ndi mmodzi ndi zoimbira zao kunadula koposa kuitana mnyamata mmodzi wa disiko ndi makaseti ake. Makaseti anapita, ma CD anadza napitanso, ndipo lero munthu mmodzi wokhala ndi kompyuta ndi zokuzira mau ziwiri amasunga nyimbo zoculuka koposa zimene mudzi wonse ukadaimba caka cathunthu.

Nanga ng'oma yeniyeni, ya mtengo ndi cikopa, inatha? Mukadayembekeza kuti m'Lusaka ndimo ikadafera, koma inalowera khomo lina. Cikwati cisanacitike mkwatibwi amapitabe kwa alangizi, amene Ababemba amati bana cimbusa, ndipo iwo amalangizabe ndi ng'oma ndi nyimbo m'nyumba yotseka. Pali phwando la amai okhaokha lochedwa kitchen party, limene linafala m'matauni m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, kumene mai aliyense amapereka mphatso yake, nafotokoza nchito yake, nabvina pamaso pa oliza ng'oma aakazi. Palinso cilanga mulilo, mwambo wa Ababemba umene mitundu yambiri yautengera, pamene a kucikazi amasenza zakudya za mitundumitundu kunka nazo kwa mkwati, ng'oma zikulira panjira, ngakhale atakwera lole. Amai amene amaliza ng'oma zimenezi akugwira nchito yomwe ija ya anamkungwi a m'tsimba, kungoti tsopano amalipidwa ndalama.

Pa tsiku la cikwati lenileni inu ana ndinu amene mumaoneka kwambiri. Anyamata ndi atsikana a pamzere amaphunzira masitepe ao masabata ambiri, motsogozedwa ndi mai wochedwa matroni, ndipo kamwana kamodzi kamasankhidwa kubvina ndi mpeni wodulira keke. Anthu akakondwa amadzuka kukafupa, monga momwe makolo anali kufupira namwali ndi mikanda, nkhuku kapena ufa. Kufupa si kuononga ndalama cabe ai; ndi njira imene abale ndi abwenzi amathandizira banja latsopano mosacititsa manyazi wolandira kapena wopereka zocepa, pakuti onse amapereka akubvina. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Cokhaco, aphunzitsi ena amadandaula, ndipo ali ndi cifukwa, kuti mwana wa pamzere amafika m'kalasi akuodzera popeza anabwera usiku kucokera kokonzekera. Makolo ndi amatroni ayenera kukumbukira kuti masitepe angaphunziridwe Loweruka masana.

Pali cinthu cimodzi cimene ine ndiona kuti catayika pa ulendo wonsewu, ndipo ndifuna muciganizire. Pacimtali ca kumudzi panalibe oonerera. Wosadziwa kubvina anaomba m'manja, wosadziwa kutsogolera anabvomera, ndipo nkhalamba yosatha kuima inaliza nthungululu ili pamphasa. Wotsogolera nyimbo anali kudziwa kuti mkwati ndi Phiri, mkwatibwi ndi Nabanda, kuti agogo ake anacokera kwakuti, kuti atsibweni ake ngokonda mowa, ndipo zonsezi anali kuzilowetsa m'nyimbo pomwepo. Munthu amene waimba nao cotero pacikwati ca mwana wa mnzake wasanduka mboni. Banjalo likayamba kugwedezeka sangapenye kumbali, cifukwa mau ake analowamo. Cokuzira mau sicidziwa mfunda wa munthu. Cimaimba nyimbo yomweyo ku Chadiza ndi ku Chingola, ndipo cimaimba mokweza kotero kuti ofuna kubvomera samvana. Woyendetsa mwambo, amene timati MC, amayesa kutseka mpata umenewu ndi nthabwala zake zoseka mbali zonse ziwiri, makamaka ngati pali cimbuya, monga ca Angoni ndi Ababemba, amene makolo ao anamenyana nkhondo ndipo zidzukulu zao zimanyozana mwa masewera popanda wokwiya. Koma iye ndi mmodzi, ndipo ena onse akhala pamipando. Sindinena kuti titaye makina, pakuti nyimbo imodzi sacezera gule. Ndinena kuti zikwati zimene anthu amazikumbukira zaka zambiri ndi zija zimene magetsi anazima pakati pa phwando, amai ena kumbuyo nayambitsa nyimbo ya kwao, holo yonse nibvomera.

Tsono nayi nchito yanu ya sabata ino. Mwana aliyense apite kwa agogo ake, kapena kwa munthu wacikulire wa pafupi, akafunse kuti pa ukwati wao panaimbidwa ciani, panalira ng'oma, galamafoni kapena bandi, ndipo cinali caka citi. Mukapite mwaulemu, mutagwada, ndipo akakuuzani kuti nyimbo yakuti nja m'tsimba, musaumirire. Imeneyo ili ndi nthawi yake. Koma za panjira poperekeza mkwatibwi, za citelele ndi za pamtondo adzakuimbirani mokondwa. Lembani mau ake m'kope monga momwe awachulira, ngakhale ena musawamve, ndi kulembanso mudzi ndi mtundu wa woimbayo. Inu aphunzitsi, ikani makopewo pamodzi, muyale zaka zake pabolodi kuyambira cakale kufikira catsopano, ndipo ana aone okha caka cimene galamafoni inafika m'dera lanu ndi caka cimene inacoka. Pambuyo pake musankhe nyimbo ziwiri kapena zitatu, mutulutse ana pabwalo, mmodzi atsogolere ndipo ena onse abvomere.